Khadi la Amake Tisa

Lachinayi, 14 Julaye. Kwazizira, ndipo mutu wandiwawa tsiku lonse.

Amake Tisa asanakwere lole Loweruka, zinthu zitatu ziyenera kudziwika: akachirira kuti, adzawanyamula ndani matenda akayamba, nanga khadi lawo akaliwerenga ndani. Mpaka pano ndilibe yankho ngakhale limodzi.

Amuna awo, a Phiri, ntchito yawathera ndi kutsekedwa kwa mgodi, ndiye banja lonse likubwerera kumudzi ku Petauke. Mayiwa ndi oyembekezera, atsala ndi milungu isanu kuti achire. Ana awo awiri anabadwa ndi opaleshoni, ndipo akayesa kuchirira pakhomo chiberekero chikhoza kung'ambika.

Lero kusikelo ndalemba C/S kawiri pakhadi ndi inki yofiira, monga anatiphunzitsira kukoleji, kuti namwino aliyense adziwe za opaleshonizo. Iwo aliyang'ana n'kuseka.

"Sisita, apongozi anga ndiwo azamba a mudzi wonse. Ma ABC anuwa akakolezera moto."

Ndachonderera a Phiri kuti awasiye akazi awo kwa achibale ku Makululu, m'tauni muno, mpaka achire. Andiyankha mwaulemu ndithu: "Amayi, lole ndi imodzi. Nanga anawa akafika ndi ndani?"

Ndalembera kalata Esinati, mnzanga wa kukoleji amene anapita kukagwira ntchito kuchipatala cha mishoni cha kufupi ndi kwawoko. Ndalemba mawu athunthu, dzina la mudzi, ndi mlungu woti akawatenge. Ndaiwerenga katatu ndisanamate. Koma patha zaka zinayi tisanalemberane, sindikudziwa ngati akadali pomwepo.

Esinati, chonde yankha msanga. Milungu isanu siyochuluka.