Chala Changa ndi Maso a Bambo Ako

Massangulo, Ngauma
11 Marso 2024

Okondedwa Cosme, mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cuamba. Kalatayi ndapatsira a Kassimu oyendetsa shapa, minibasi ija. Sindikuyimba telefoni chifukwa bambo ako chiyambire kusaona amamva chilichonse, ngakhale kunong'ona kuseri kwa chigafa.

Mwanawe, mtima wanga suli m'malo. Ndi za pulogalamu ija munapanga kuntchito kwanu, yokumbutsa odwala tsiku lopita kuchipatala. Utandionetsa pa kompyuta yako yaikulu ija, "Ndibwera" anali uku, "Sindibwera" kutali uko, iwe nkumalozera ndi kamuvi. Unati, "Amayi, izi ngakhale mwana angathe."

Loweruka uthenga unandipeza m'munda tikuthyola fodya, wofunsa ngati bambo ako abwere Lachisanu kudzachotsedwa ng'ala. Pa telefoni yanga mawu awiri aja apanikizana ngati nyemba m'khoko. Dzuwa linali likuwala pagalasi, zala zanga zili nomi ndi utomoni wa fodya. Ndinaloza bwinobwino, Mulungu akudziwa, koma chala chinagwera ponseponse. Basi panatuluka "Zikomo, malo anu tapatsa wina." Sinandifunse nkomwe ngati ndatsimikiza. Pobwerera ndapasowa.

Ndinathamangira kwa anzanga a Luísa. Anayamba aseka. "Amake Cosme, chala ngati chinangwa chimenechi mukuti chilowe pamenepo?" Atayesa okha nkulephera, kuseka kunatha.

Sindikukudzudzula ayi. Koma kodi kuntchito kwanuko munayesapo mutaimirira padzuwa, dzanja lina litanyamula mtolo? Nanga ndi angati akumudzi kuno alakwitsa ngati ine nkungokhala chete?

Madokotala a masowo amabwera mwa apo ndi apo. Akapita, bambo ako adikira mpaka liti? Chonde lankhula ndi akuchipatala, uwauze kuti ndi ine ndinaphonya, wodwalayo alibe mlandu.

Bambo akowo sindinawauze. Andichapitsa kale malaya a kutchalitchi, ndipo aliyense wodutsa akumutsanzika. Choncho Lachinayi tikwera ndithu kubwera ku Cuamba. Ngati kuli kubwezedwa, atibweze uli pomwepo, undithandize kuwagwira dzanja.

M'bale wako Alinafe akupereka moni. Bambo ako akuti amva kuti ukusunga ndevu. Akuti usamete, akufuna adzazione okha.

Ndine mayi ako,
Elena