Tadala Pagolo, Ine ndi Chimfine

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Al Twar, ku Dubai, tili bwino, kupatula chimfine chomwe ndachiputa ndekha.

Mukudziwa kuti mwana wanu Tadala wakhala pagolo m'timu ya atsikana ya hoke wa pa ayezi, masewera omenya kampira ndi ndodo, zaka zinayi, ine osakaonerako n'kamodzi komwe. Ntchito yanga ya unesi yandionetsa mano ambiri oguluka. Atamuitana ku timu ya akuluakulu, ndinakana kusaina fomu. Iye anati, "Amayi, mukaonere kamodzi kokha osatsinzina, kenako mukane."

Loweruka ndinapita. Zingwe za chisoti chake ndinaziyesa kawiri, mabandeji ndi mankhwala ndinanyamula, koma juzi ndinaiwala. Ndani amaganiza za juzi ku Dubai? Koma m'bwalomo mumazizira ngati m'firiji.

Kampira kawo n'kolimba ngati mwala. Chakumapeto, mtsikana wa timu inayo anathamangira kugolo ali yekhayekha n'kukamenya ndi mphamvu zonse. Ndinaimirira bandeji ili m'manja. Tadala anangotambasula dzanja n'kukawakha ngati ndamuponyera makiyi. Mayi wina wachiarabu anandikoka diresi akuseka, amvekere, "Khalas, basi, khalani pansi, mwana ali bwino." Timu ya Tadala inapambana osachinyidwa chigoli, ndipo Tadala analandira mendulo.

Fomu ija ndasaina, nditaiwerenga katatu. Mwa onse amene tinalowa m'bwalomo, wodwala ndine ndekha, ndipo akundimwetsa mankhwala aja ndi Tadala yemweyo.

Chonde mundilukire juzi yochindikala, masewera atsala ambiri. Muzimupempherera, makamaka mano. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati