Mekisiko ndi mpando wa Abiba

Lachiwiri, 8 Meyi 1990

Fomu 3, histole. Mekisiko. Buku la sukulu lapatsa dziko lonselo tsamba limodzi basi. Chibwezeredwe a Mhango, mphunzitsi wa histole wakale, kwawo kumpoto chaka chatha, kabati yawo palibe waitsegula. Ndaitsegula ine. Mphemvu, choko chonyowa, ndi chibuku chimene anasiya mzungu wina wa ku Amereka amene anaphunzitsapo pano. Muli mapu, muli zithunzi.

Ndajambula pabolodi Mekisiko kawiri, wa nkhondo yawo ndi Amereka isanayambe ndi wa 1848 itatha. Theka la dziko lapita kwa anansi awo a kumpoto. Ndawauza ana kuti anthu ambiri sanasamuke n'komwe, malire ndiwo anawapeza ali m'minda mwawo. Dyson: "Ndiye msonkho anakhoma kawiri, Madamu?" Kalasi yonse kuseka. Abiba Jaffalie sanaseke. Anati, "Zili ngati kwathu kumalire. Munda wathu uli ku Mozambiki, chitsime chili kuno."

Mwana ameneyu ali ndi mutu. Akanakhala asanu otere, bwenzi Mangochi sindikuida chonchi.

Ahedi andiitana. Za nkhondo ndiphunzitse, koma za alimi amene anaukira boma lawo mu 1910 ndidumphe. "Pano sitidziwana tonse, Madamu." Ndiye ndinapitira ku Chanco kukaphunzira kudumpha masamba?

Lachitatu, 16 Meyi

Mpando wa Abiba uli wokha chiyambire sabata yatha. Ahedi akuti mwezi uno ukatha asanabwere, dzina lake lifufutidwa. Odikira malo ndi ambiri, ena ndi ana a anthu odziwika. Ndinayankha mwamwano pang'ono. Sindikudandaula.

Mariya, mnzake wokhala naye desiki, akuti amayi ake a Abiba akudwala. Matenda anji, sananene. Anangoyang'ana pansi.

Loweruka, 19 Meyi

Kwa Mponda, panjinga yobwereka. Che Jaffalie, amjomba ake a Abiba, ndi telala. Ndiwo amulera chiyambire Sitandade 1. Munthu wolankhula pang'onopang'ono, ulusi uli pamlomo. Akuti mlongo wawo, mayi wa Abiba, anakwatiwa kutsidya kwa malire. Nkhondo itafika pamudzi anathawira kukampu, kupitirira Namwera. Iwo anakawatenga mwezi watha atamva kuti mutu wasokonekera. Shehe anabwera, anawerenga. Sizinasinthe.

Ndinawaona kuseri kwa nyumba, pamphasa. Owonda. Khungu la m'manja lakuda, long'ambika, lothera pamkono ngati avala magolovesi. M'khosi mzere wakuda wozungulira ngati mkanda. M'kamwa zilonda. Chakudya chilichonse akuti muli mankhwala. Amalandira phala loyera lokha, ndiponso kwa Abiba yekha. Supuni iliyonse Abiba amayamba walawa, iwo akuyang'ana, kenako n'kuwapatsa. Supuni iliyonse.

Ndinapita ndi mawu okonzeratu, za tsogolo, za mayeso a chaka chamawa. Sindinanene ngakhale limodzi. Pondiperekeza Abiba anandifunsa, "Madamu, nkhondo ya Mekisiko ija inatha bwanji?"

Lamulungu, 20 Meyi

 Ndimakonza phunziro la mawa, ndipo m'chibuku chija ndapeza chithunzi cha mayi wa kummwera kwa dziko la Amereka, zaka za m'ma 1900. Manja omwewo. Mkanda womwewo. Nthendayi dzina lake pelagra. Imagwira wodya chimanga chokhachokha, ndipo imafika mpaka kumutu.

Koma pali ichi. Chimanga chinachokera ku Mekisiko, ndipo eni akewo nthendayi sinkawavuta, chifukwa amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa. Osauka a ku Amereka, kumpoto kwawo, ankadya chimanga chomwecho popanda kaphikidweko, n'kumafa. Ifenso chinatifika chopanda kaphikidwe. Zaka zonsezi! Phulusa lili pakhomo lililonse, laulere. Ndilembera ku unduna. Ndilembera kukampu. Izi ndiye histole, osati madeti oloweza.

Lachitatu, 23 Meyi

Mmawa, phunziro kuseri kwa khitchini ya sukulu. Chimanga chowiritsa dzulo m'madzi a phulusa, chasanduka chachikasu, makoko akungosupuka. Atsikana anasinja, anyamata anaumba tizitumbuwa tapyapyala ngati ta m'chithunzi, tinaotcha pachiwaya. Sitinatsuke mokwanira. Kuwawa kwake. Dyson atalavula anati, "Madamu, tsopano ndamvetsa chimene analuzira nkhondo." Ndinaseka mpaka misozi.

Masana sindinaseke. Ndinatsuka china bwinobwino, ndinathamanga nacho kwa Mponda. Moni ndinapereka wapamwamba, ndili chiimire. Ndinayamba kufotokoza za Mekisiko, za phulusa, kuti si majini ayi, kuti akungotaya nthawi. Che Jaffalie anaimitsa makina. Anati, "Aphunzitsi, mlongo wanga anathawa nyumba yake ikuyaka. Lero mwamubweretsera phulusa kuti adye?"

Abiba anali pakhomo, atanyamula mbale. Anamva zonse.

Njinga ndinabwerera ndikukankha.

Lachisanu, 25 Meyi

Kwaya itatha ndinawaimitsa a Petulo, a medikolo asisitanti a kuchipatala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chimene ine sinditha kuchita. Akuti nthendayi aiona kale mwa anthu ochokera kukampu, chiyambire pamene mtedza wa chithandizo unasiya kubwera kumeneko. Za phulusa sanatsutse. Akuti nzoona, koma nzotetezera amene sanadwale; apa pakufunika mapilisi, nsinjiro, usipa. Amayiwo ndiwabweretse.

Sangapite. Akaona yunifolomu kapena galimoto amabisala. Ndiponso khadi lachipani alibe, ndipo achinyamata apageti masiku ano sakuseka ndi munthu. A Petulo anakanda mutu. Abwera okha Lamulungu, atavala malaya wamba.

Koma choyamba ndikapepese.

Lolemba, 28 Meyi

Loweruka ndinagwada pakhonde la telala, anthu akudutsa. Chichokere kwathu ku Dedza sindinagwadirepo munthu. Che Jaffalie anandisiya kaye pamenepo mpaka anamaliza mpendero wa thalauzi. Kenako anati, "Dzukani, mudetsa siketi ya boma." Anaitanitsa tiyi.

Dzulo a Petulo anafika ngati mlendo wodzasoketsa malaya. Anangoyang'ana manja ali patali. Mapilisi tikuwanyenya m'phala la nsinjiro. Abiba amalawabe supuni iliyonse. A Petulo akuti sizimupweteka.

Koma mwezi ukutha Lachinayi, ndipo ahedi sanasunthe. Phala la mmawa Abiba angawadyetse asanapite kusukulu, la madzulo atabwerako. La pakati ndilo lamumanga. Akazi a Che Jaffalie ayesa, akanidwa. Lero ndayesa ine, nthawi yopuma. Ndinalawa, ndinatambasula dzanja. Anatembenukira kukhoma.

Lachiwiri, 29 Meyi

Anakankha supuni, phala pabulauzi yanga. Fomu 1 ndaiphunzitsa nditafunda juzi, kutentha kuli tere.

Lachinayi, 31 Meyi

Dzulo. Abiba anakhala pambali panga, phewa lake pa langa, ngati ndife amodzi. Anagwira supuni iye, ine ndinagwira dzanja lake. Ndinalawa ine. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, m'maso, pakhosi, kuona ngati ndamezadi. Anatsegula pakamwa. Kenako Abiba anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, ndipo mbale inatha.

Lero Abiba wakhala pampando wake, yunifolomu yosita bwino. Ahedi anasuzumira pakhomo, anamuona, anapitirira. Pa buleki ine pa njinga, kwa Mponda. Ndasinthana mapiriyodi ndi a masamu. Akuti ndidzawalembera marejisitala teremu yonse. Chabwino.

Phala la nsinjiro la mapilisi ndi loipa. Ndikulidya tsiku ndi tsiku.

Loweruka, 9 Juni

Kusintha kwake kukuchititsa mantha. Zilonda za m'kamwa zauma. Lachitatu anadya usipa. Dzulo anatenga supuni m'manja mwanga n'kudya okha, akundiyang'ana ngati akufunsa kuti mtsikana uyu akufunanji pano.

Lero tacheza, Abiba akumasulira, poti Chiyao changa chimathera pa moni. Anafunsa ngati ndili pabanja. Nditakana anaseka, koyamba. Mano okongola. Anafunsa zimene ndimaphunzitsa mwana wawo. Ndinajambula pansi ndi kamtengo, dziko ili, dziko ili, mtsinje pakati. Anamvetsera bwino kuposa Fomu 3. Funso lawo: anthu aja minda yawo anawabwezera? Ndinati ambiri ayi. Anagwedeza mutu ngati amayembekezera zomwezo, kenako anafufuta mapu anga ndi phazi kuti nkhuku zidutse.

Lachinayi, 14 Juni

Mutu utabwerera wabweretsa zonse. Akumbukira Tatu, mng'ono wake wa Abiba. Anasiyana pothawa, anthu atabalalika m'tchire; kukampu anamva kuti mwana wofanana naye anamutola mayi wina wa mudzi woyandikana. Matenda anawagwira asanamufufuze. Che Jaffalie ankakhulupirira kuti mwanayo anamwalira, poti amayiwo eni ake ankatero ali osokonezeka. Tsopano akuti ayi, sanaone mtembo.

Akufuna kubwerera kumalire, kampu ndi kampu, mpaka amupeze. Abiba akuti awaperekeza. "Chichewa sadziwa, Madamu. Ndipo akayambanso kukana chakudya?" Ndinamufunsa abwera liti. Sakudziwa.

Ndinafuna kukuwa. Ndameza phala lonse lija kuti achire, ndipo achira kuti anditengere mwana. Ndalemba choncho chifukwa ndi mmene ndinamvera.  Akanakhala mng'ono wanga bwenzi ndili kale pamsewu.

Mawa phunziro la mgwirizano wothetsa nkhondo wa 1848. Ndilibe nalo mtima.

Lolemba, 18 Juni

Belu loyamba lisanalire. Ndili pakhonde la sitafurumu, ndinawaona akulowa pageti. Amayi patsogolo, mpango woyera, chitenje chatsopano chosoka achimwene awo, kamtolo pamutu. Abiba pambuyo, atamugwira pamkono ngati mwana wa Sitandade 1, maso otupa. Che Jaffalie anatsala kunja ndi chikwama. Atseka makina, apita ndi mlongo wawo m'malo mwa Abiba.

Anadutsa ana onse pabwalo osaopa kanthu. Anafika pamene ndinaima, anatenga dzanja la mwana wawo, analiika m'langa, anatseka ndi awo onse awiri. Khungu latsopano m'manjamo, lofewa. Analankhula Chiyao mawu angapo. Ndinayang'ana Abiba kuti amasulire. Sanathe. Mariya ndiye anandinong'oneza: akuti mmodzi anamutaya kale m'tchire, uyu akufuna azidziwa pamene wakhala.

Fomu 3 inali piriyodi yachiwiri. Abiba sanatsegule kope. Mpando wake uli pawindo loyang'ana kutsidya kwa Shire, kumene msewu wa ku Namwera umakwera phiri, ndipo maso ake anali komweko mpaka belu. Ndinamusiya. Dyson anafuna kuponya nthabwala, anamuyang'ana, anaimeza yekha.

Madzulo ano ndikukamutenga, azigona kuno mpaka amjomba ake abwere. Mphasa ndili nayo. Bulangete lachiwiri ndiye ndilibe.