Amuna a Mayi Busa

Lolemba, 5 Meyi

Maikulosikopu yaikulu ija eni ake akuifuna, paja tinangobwereka. Adzaitenga pa 13 Juni. Pofika tsikulo ndikhale nditajambula ubongo wa tiana ta mbewa tosabadwa, apo ayi digiri yanga idzalowa nayo limodzi m'bokosi.

Amunanga afunsanso kuti zaka zonsezi ndikufufuza chiyani kwenikweni. Ndatenga dzira. Ndati selo ya mu ubongo ili chonchi: pakati chikasu, m'mbali zoyera. Pali puloteni ina imene ntchito yake ndi kugwira kashiamu. Ubongo ukamakula m'mimba, puloteniyo imakhala pakati kapena m'mbali? Iwo ati, "Basi?" Ndati basi. Dziralo akazinga.

Chimene sindinawauze: Aprofesa, amene akundiyang'anira, amati pakati. Adokotala a ofesi ya pansi, amene adzandiyese mayeso, amati m'mbali. Anasiya kupatsana moni pa nkhani yomweyi ine ndisanabwere. Akakumana pa masitepe aliyense amayamba kuwerenga khoma. Ndipo digiri imafuna onse awiri asaine. Mapanga awiri avumbwitsa, koma ine mapangawo sindinasankhe ndekha.

Lachitatu, 7 Meyi

Mbewa za mtundu umene tikufuna: zamphongo mbwee, yaikazi yoti n'kubereka imodzi yokha. Wamtali, mnzanga wa tebulo limodzi mu labu, anaitcha Mayi Busa chifukwa imakhala pakona, timanja pamodzi, ngati ikutipempherera.

Lero tawapatsa mwamuna. Wafika, wanunkhiza utuchi, wakwera m'chodyera, wagona chagada.

Wamtali: "Asisi, ameneyu wabwera kudzadya, osati kudzakwatira."

Lachisanu, 9 Meyi

Zatheka! M'mawa ndapeza kachizindikiro kaja koti ukwati unachitika. Ndavina ndekha, magolovesi ali m'manja.

Kenako alowa Aprofesa. Ayang'ana mkwati ali gada m'chodyera mwake, apukusa mutu. "Uyu sindikumukhulupirira. Taonani nkhope. Ikani wina kuti titsimikize." Ndati koma bwana. "Nthawi sikutidikira, mwananga. Ikani wina."

Ndaika wina.

Lachiwiri, 13 Meyi

Wachiwiri uja Aprofesa amuchotsa, akuti ngwamanyazi. Wachitatu asankha okha. Anavula magalasi n'kumuyang'ana m'maso nthawi yaitali.

Lachisanu, 16 Meyi

Sikelo siikusuntha. Mayi Busa akadali mmene analili, wee, chiuno ngati mtsikana.

Wamtali waika foni yake pambali pa bokosi, nyimbo zachikondi chapansipansi. Ine ndinamuseka. Masana wandipeza nditagwada pomwepo ndikuti, "Mayi, chonde, taganizirani ana a anzanu." Sanaseke. Anangowonjezera nyimbo.

Amayi aimba foni madzulo. Ndawafotokozera zonse, kulakwa kwanga. Akuti, "Ndiye sukulu yonse ija unkaphunzira kuti ukhale nkhoswe ya mbewa?" Ndamva akuuza azakhali kumbali, onse awiri kikiki. Zandipweteka, ndisaname.

Lolemba, 19 Meyi

Pa masitepe, Adokotala a pansi andiimitsa. Koyamba chibwerere changa.

"Mayi, mwafika pa mwamuna wachingati?"

Nkhani za pamwamba zimafika bwanji pansi?

Akuti mbewa ikangotenga pathupi n'kumva fungo la mwamuna wachilendo masiku oyambawo, pathupipo pamachoka pokha. Ndiye kuti nthawi yonseyi mimba imabwera, ife n'kuithamangitsa ndi mkwati watsopano. "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kamuuzeni mkulu wanuyo."

Ndafunsa kuti akundithandiziranji. Akuti, "Mimba imeneyo ndikuifuna kuposa inu. Ndikufuna ndidzaone nkhope yake puloteni ikadzapezeka m'mbali."

Ndakatsegula mabuku. N'zoona, zalembedwa poyera. Koma ndikalowe mu ofesi ya Aprofesa n'kunena kuti a pansi akuti mukulakwitsa? Ine ayi. Ndili ndi mwana wamng'ono.

Lachiwiri, 20 Meyi

Ndachita zinthu lero. Mulungu andikhululukire.

Ndawabwezera Mayi Busa mwamuna wawo woyamba, waulesi uja, n'kubisa bokosi lawo kuseri, pa shelefu ya pansi. Pamalo pawo ndaikapo nkhalamba ina ya mbewa, ya mtundu wina, yosiya kubereka kalekale. Mbewa zoyera zonse nkhope imodzi.

Aprofesa abwera, aisuzumira, akuti, "Lero akuoneka otopa." Aipatsa mwamuna watsopano.

Lachinayi, 22 Meyi

Kachizindikiro! Sindinavine. Ndangotseka chitseko pang'onopang'ono.

Lolemba, 26 Meyi

Nkhalamba ija yalandiranso wina. Imangowayang'ana, n'kupitiriza kutafuna. Wamtali akuti ikamwalira tidzaiike mwaulemu, yagwirira ntchito sayansi kuposa tonsefe.

Lachisanu, 30 Meyi

Mayi Busa anenepa! Ndawabweza pamalo pawo, okha, ndaitana Aprofesa. Ayang'ana sikelo, atulutsa chifuwa. "Ndinakuuzani. Kusankha mwamuna kumafuna diso." Ndati indedi bwana.

Lachinayi, 5 Juni

Lero linali tsiku lake. Ndimadziwa chiyambire kuti kuti ndione ubongo wa tianato, mayi wawo ayenera kufa. Ndachitapo kangapo. Koma zinazo zinalibe dzina, ndipo sindinazigwadirepo.

Ndawagoneka ndi mankhwala bwinobwino, sanamve kanthu. Ndati pepani, Mayi. Wamtali anatuluka, akuti akukafuna thonje, thonje lili pa tebulo.

Tiubongo ta tiana tawo ngati timbewu ta mpiru tonyowa. Ndalirira mu sinki, kenako ndasamba m'manja n'kupitiriza.

Loweruka, 7 Juni

Tsiku lonse kudula tizidutswa topyapyala, kumata pa timagalasi, kuthira utoto umene umawala mobiriwira pamene pali puloteni. Msana wanga! Kunyumba amunanga andifunsa ngati maliro atha. Sindinadziwe ngati akundiseka, nawonso sanadziwe.

Lachitatu, 11 Juni

Ndaona.

Ndinazimitsa magetsi, ndaika diso. Mayo ine, kukongola! Maselo mbwee, onse akuwala. Koma ena akuwala pakati. Ena m'mbali. Ena pena paliponse, ngati sanamve kuti pali mkangano.

Ndasintha galasi, chimodzimodzi. Ndaika losathira utoto kuti ndione ngati makina akundinamiza: mdima bii, monga kuyenera. Ndiye si makina, si utoto, si maso anga. Ndaitana Wamtali. Wayang'ana, kenako akuti, "Asisi, mwawina kawiri." Nanenso ndaganiza choncho. Akuluakulu awiri aja aliyense ali ndi gawo lake, aliyense asaina.

Usiku ndagona ngati mwana.

Lachisanu, 13 Juni

Anthu odzatenga makina anafika m'mawa ndi bokosi lathabwa, akhala pakhonde. Ndawapempha andidikire. Ndakaitana akuluakulu, aliyense payekha, osamuuza kuti mnzake abweranso.

Akumana pakhomo la kachipinda kamdima. Mulibe khoma loti awerenge, mipando iwiri yokha.

Ayamba Aprofesa. Ayang'ana, akuti, "Eee, pakati!" Asuntha galasi pang'ono. Chete.

Akhala Adokotala. "M'mbali, si izi!" Asuntha. Chete.

Ine manja pamodzi, pakona.

Ndiye Aprofesa akhosomola, osayang'ana munthu, akuti, "Utoto wachuluka."

Adokotala akuti, "Wachuluka zedi. Ndipo tizidutswati n'tokhuthala."

"N'zimene ndimati ndinene, Adokotala."

"Ana a masiku ano amafulumira, Aprofesa."

Ndati bwana, lopanda utoto lili apa, taonani. Palibe watembenuka. Aprofesa andigwira paphewa, akuti ndisataye mtima, ndidzayambirenso ndi mbewa ina. Iti? Pa makina ati? Adokotala akuti pansi ali ndi tiyi wabwino. Atuluka akupatsana njira pakhomo, "Tsogolani", "Iyayi, tsogolani inuyo." Ndamva akuseka mpaka pa masitepe.

Wamtali akuti anthu pakhonde anaimirira kuwaonerera, wina mpaka anaomba m'manja.

Ndakwiya mpaka makutu kutentha. Mayi Busa anafera zoona zenizeni, ndipo zili pa galasi apa zikuwala.

Mkulu wa onyamula uja wasuzumira, sipanala ili m'manja. "Amayi, tizimitse?"

Ndamufunsa kuti m'chipindamu akutenga chiyani ndi chiyani. Akuti zonse, tebulo, mipando, makina. Ndati yambani ndi mipando, muzimasula mosafulumira.

Ndikulemba izi choimirira, chithunzi china chikujambulika. Timagalasi tatsala tambiri, ndipo ayamba kumasula miyendo ya tebulo.