Chigubu Chanu Chobiriwira

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Nsipe kuzizira kwayamba msanga chaka chino. Chimanga tinakolola, nkhokwe sinadzaze koma sitikudandaula. Kachewere ndiye anachita bwino, ndipo mbuzi yanu yamiyendo yoyera ija yaswa mapasa.

Esinala, chitsirizira wanu, ali ndi mwana wamkazi. Tamutcha Elube, dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ndipo akalira mudzi wonse umamva, ngati mmene munkatiitanira tikachedwa kumjigo.

Ndaona kuti ndikungozungulira, Amayi. Esinala wapsa manja onse awiri, ndipo mwana wakeyo sakutha kumunyamula.

Mukukumbuka chigubu chanu chobiriwira cha palafini, chokhala kuseri kwa chitseko chija? Chichokereni inu chinalibe ntchito, poti masiku ano timaunikira matochi. Ndiye Yohane, mwana wanu wa njinga yamoto ya kabaza, mafuta atayamba kusowa anathiramo petulo wosungira. Sanauze munthu. Kwa iye chigubu ndi chigubu basi.

Tsiku lina m'mawa linthumbwi linatuluka kukhola la nkhuku, kulunjika kuchipinda komwe kunagona khanda. Esinala anachita zomwe munatiphunzitsa, kuwaza palafini panjira yake kenako n'kuwaula ndi muuni wa udzu. Paja munkati, "Palafini ndi waulemu, sayaka usanamupemphe." Esinala anali ndi chimfine, fungo sanalimve. Muuni sanayatse n'komwe. Mbaula inali pakhonde, kataliko ndithu, koma moto unachoka pamenepo n'kuthamanga ndi nthaka mpaka pachigubu chili m'manja mwake. Ine ndinali kumbuyo kwa nyumba, ndinangomva phuu! kenako kukuwa.

Kuchipatala adokotala anatikhazika pansi, ine ndi Yohane. Akuti mafuta oyaka ali m'magulu awiri, ndipo amawasiyanitsa poona kuti afunika atenthe bwanji kuti mpweya wake ugwire moto. Petulo, sipiriti ndi thina wosungunulira penti safuna kutenthetsa. Ngakhale kuzizire chotani amatulutsa mpweya, ndipo wa petulo umakwawa pansi osaoneka mpaka utapeza khala. Palafini, dizilo ndi mafuta ophikira ayenera atenthe kaye, kapena akwere pachingwe cha koloboyi. Ndinangoti kukamwa yasa. Bambo sankanena zomwezi kodi, za migolo yofiira ya kumgodi yomwe ankaisunga payokha kutali ndi anthu? Ife tinkangotsinana, ati ayambanso za ku Joni. Koto! Tikanatchera khutu.

Yohane ndinamukalipira mpaka mawu kusasa, pakamwa panga mumapadziwa. Panopa wawonda, njinga ili pakhonde yagwa fumbi, ndipo mawu ena omwe ndinamulasa nawo ndimalakalaka nditawabweza. Esinala sadzudzula munthu. Amangoti anachita monga mmene Amayi ankachitira, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandiwawa kuposa zonse. Simunalakwe, Amayi. Munatiphunzitsa mafuta omwe anali m'nyumba mwanu, enawa anabwera inu mutapita.

Mabala akuuma, koma akuti zala zina mwina sizidzapindikanso, tidikire. Nthawi yoyamwitsa ndimakhala pambali pake pamphasa, n'kumugwirira Elube pachifuwa. Esinala amatambasulira manja kumbali, nsalu zomanga mabala zili yereyere, n'kumangonunkhiza mwana pamutu. Dzulo kamwanako kanagwira nsonga ya nsalu yomanga chala chachikulu, kukana kusiya. Esinala anaseka, kenako analira, inenso ndinalira. Kamutu ka Elube kananyowa ndi misozi, mwana anangopitiriza kuyamwa.

Chigubu chanu chinasungunuka, chinatsala chogwirira chokha. Ndachisunga pazenera, sindikudziwa chifukwa chake.

Mupereke moni kwa Bambo, muwauze kuti za migolo yofiira tazimva, ngakhale mochedwa. Ndikukulonjezani kuti manja anga akhala a Esinala mpaka ake atachira, ndipo akapanda kuchira akhalabe ake. Elube akadzayamba kumva ndidzamuuza mawu anu aja, ndi kachidutswa komwe tawonjezera: palafini sayaka usanamupemphe, koma petulo sadikira kuitanidwa.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri chaka chino.

Ndine mwana wanu woyamba,
Felesita