Jombo za ku Kopala

Loweruka madzulo, chiperoni chikadalipo.

Lero mtima wakhala pansi. Akulemba ndi mwana wanga Esnati, poti ine pensulo sindinaigwirepo, koma mawuwa ndi anga.

Jemusi, mwana wa mlongo wanga, wasewera pakati m'timu yathu ya ku Limbe zaka khumi, wopanda nsapato, ine ndikumukalipira kubwalo Loweruka lililonse. Lolemba kunabwera munthu wa timu ya kumigodi ku Kopala, kudzamutenga. Akuti m'Chitaganya muno mulibe malire. Jombo za mpira anakapereka kwa bambo ake a Jemusi, kundidumpha ine mwinimbumba! Ndinalumbira kuti Jemusi sindimunyengerera kuti atsale, ndipo sabata yonse sindinamufunse kanthu.

Masana ndinapita kubwalo, maso pa mapazi ake. Ndinati akatuluka atavala jombozo, basi wapita. Anatuluka ndi mapazi ake aming'alu aja.

Mpira utatha anandipeza.

"Malume, jombo zija ndabweza."

"Zinakuthina?"

"Ayi. Nanga ndikachoka, inu muzikalipira yani Loweruka?"

Atigonjetsa, koma zilibe kanthu. Esnati akuti ndinagwetsa misozi. Bodza, chinali chiperoni m'maso. Iwe, zimenezo usalembe, ndati usa...