Mpope wa thonje watimana mwana

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga ndi ulemu wonse. Kaya muli bwanji ku Joniko? Kuno kwa Maganga tili bwino, amayi chifuwa chija chinatha. Koma ine ndikulemba mtima uli kuwira.

Lachitatu ine ndi alamu anu tinapita kuchipatala chifukwa cha kusowa mwana kwathu. Adokotala atatiyeza anafunsa ntchito ya bambo. Atamva kuti akhala akupopera mankhwala m'thonje kuesiteti chikwatirane chathu, mpope ukudontha kumsana mpaka kabudula kunyowa, anapukusa mutu. Anati, "Mayi alibe vuto. Ndikuganiza kuti mankhwalawa ndiwo afooketsa mbewu ya bambo."

Achimwene, zaka zonsezi apongozi akhala akunditcha chumba pachitsime, akundimwetsa mizu yowawa mpaka kusanza. Titawauza sanapepese n'komwe. Anangokakumba gondolosi n'kundiponyera, amvekere, "Uzimuthirira m'phala, thupi lilimba, ntchito asasiye." Ndinawayankha kuti muzu sumata mpope wobooka.

Alamu anu anakapempha mpope wina ndi ovolosi. Kapitawo anawauza kuti anthu odandaula amadziwika kumene amathera. Mukudziwa mmene zilili masiku ano. Alamu anuwo anangosenza mpope womwewo. Gondolosiyo akumwa ndithu, koma m'mawa uliwonse akukanyowanso.

Inu ndinu nkhoswe yanga, ndipo amakumverani. Alembereni asiye ntchitoyo, tikalime mpunga kudambo la amayi. Apongozinso muwauze kuti sindidzapondanso pakhomo pawo mpaka atanena pamaso pa anthu kuti anandinamizira.

Mulungu akusungeni pansi pamgodipo.

Ndine mlongo wanu,
Esinati